Nangula pa Simenti

Boti lakhala pa ngolo kuseri kwa galaja ku Booysens,
mphuno m'mwamba ngati mbuzi yokana chingwe.
Kuno ku Joni kulibe nyanja.
Madzi omwe ndaona sabata ino
ndi a paipi yophulika pafupi ndi maloboti.

Mwini wake ndi Mayi Delport, imvi mbuu.
Amuna awo ndiwo ankakoka nangula ku damu la Vaal,
iwo ali pa chiwongolero, kumawalalatira:
msanga, bambo inu, mphepo ikutitenga!
Wolalatiridwayo anamuika m'manda chaka chatha
ndipo phewa lawo lamanja likukana ntchito.
“Ndiikire makina okokera,” anatero.
“Boti lokha sindigulitsa.”

Ine ndine Zondiwe wa ku Bembeke,
kwathu timalima kachewere.
Bwato sindinakwerepo, ngakhale kutulo.
Ndimadziwa mawaya a minibasi,
nyali zophethira, hutala yosasa mawu.
Koma magetsi ndi magetsi,
safunsa ngati pansi pali tala kapena madzi.

Ndayeza katatu ndisanaboole.
Boti la eni ukaliboola molakwa
bowolo limakuyang'ana mpaka ku mapeto a mwezi.
Fumbi lake loyera, loyabwa,
lalowa m'manja mwa ovolosi, m'khosi, m'mphuno.
Thabiso, mnyamata wondithandiza,
wapindika m'kabowo ka unyolo ngati mwana wosabadwa,
wagwiriza thabwa lochindikala kunsi
ine ndikumanga mabawuti anayi pamwamba.
Akutukwana m'Chisutu. Ndikumva zonse.

Waya wake ngwonenepa ngati chala chachikulu,
wofiira ndi wakuda,
kuchoka ku batire kumbuyo, kukwawa m'nthiti za boti.
Wowonda ungatenthe, ndawauza mayiwo,
ndipo moto wa pamadzi ulibe kothawira.

Lachitatu unyolo unakana.
Mano a gudumu ndi mphete za unyolo wakale
sizinamvane, zimangolumphana, khotcho khotcho.
Mayi anaugwira unyolowo, dzimbiri lili m'zikhatho,
nati, uwu anagula yekha tisanabereke mwana woyamba.
Sindinayankhe.
Ndinaukulunga bwinobwino m'chidebe cha penti
n'kukwera takisi kukafuna wina wa mamilimita asanu ndi atatu.

Pobwera magetsi anali atathima dera lonse.
Owotcherera akhala pa matayala, akusewera makhadi.
Ife tokha tinali ndi mphamvu, ya m'batire,
boti lowuma pakati pa mzinda wozima.

Ndinati, mayi, kwerani. Pondani apa.
Anavula nsapato imodzi.
Nangula anatsika, phofo! pa simenti,
kachidutswa n'kuthethekera ku phazi la Thabiso.
Pondani linalo.
Makina anang'ung'udza, unyolo unayamba kubwera
mphete ndi mphete, wolowa wokha m'bowo mwake
ngati njoka yodziwa kwawo,
nangula n'kudzagunda pamphuno mwamphamvu, gu!

“Pang'onopang'ono, iwe!” anakuwa mayiwo.
Osati kwa ine. Kwa makinawo.
Kenaka anakhala chete, dzanja pakamwa,
phazi lopanda nsapato lili m'malere.

Anaponda kachiwiri. Kachitatu.
Ndinati batire itha, mayi, injini sikulira.
Anati ndamva, n'kupondanso.

Loweruka anandiitana ku damu, ndikaone ntchito yanga ikunyowa.
Ndinati Loweruka ndili ndi minibasi ziwiri,
komanso panjira pamakhala apolisi
ndipo pepala langa latsala ndi milungu itatu.
Anagwedeza mutu, anawerenga ndalama, anawonjezerapo.

Ngolo inatuluka pa geti masana,
boti likugwedera pamwamba pa magalimoto.
Chidebe cha unyolo wakale anachiiwala, kapena anachisiya dala,
chili pansi pa benchi yanga.
Pa simenti patsala kabala kakang'ono koyera
pomwe nangula anayesa kugwira Joni.
M'mawa uliwonse ndimakalumpha, tiyi ali m'manja.