Mlongo Wanga, Wakuba Mawu

Noelene anayamba kuba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Sankakhudza makobidi a m'chitini cha mabisiketi, ayi.
Ankabisala pansi pa tebulo kwathu ku Whyalla,
bambo akaweruka ku fakitale ya zitsulo,
nsidze zili psuu ndi fumbi la mtapo,
n'kumatola chilichonse chogwa pakamwa pawo
monga zichitira mbalame za padoko asodzi akamatumbula nsomba.

Chingerezi cha bambo chinali chotsimphina.
Anatsika nacho m'sitima ya pamadzi yochokera ku Ulaya
pamodzi ndi sutikesi yomanga ndi chingwe.
Ife tinkachita nacho manyazi.
Iye ankachilemba kuseri kwa malisiti a kubutchala.

Tsiku lina anakwera basi ya usiku, osatsanzika galu.
Ku Melbourne ankatsuka mbale mpaka zala kuchita makwinya,
kenaka n'kumagogoda makina otaipira
omwe chilembo chimodzi chinkakakamira ngati ngongole.
Sewero lake loyamba linachitikira pamwamba pa sitolo ya nsapato ku Carlton.
Mipando makumi anayi. Owonera khumi ndi mmodzi,
wakhumi ndi chiwiri ine,
nditayendetsa galimoto usana ndi usiku.

Nyali zitazima munatulukira munthu wovala ovolosi,
anatsokomola kawiri, ndendende bambo,
nati: Dziko ili n'lalikulu, koma mthunzi wake ndi wa eni.
Pambuyo pake panabwera kamnyamata
kamene kanapha mbalame ndi legeni n'kulira sabata yathunthu.
Anthu anaseka.
Sanatchule dzina langa, koma ndinadzimva ndili maliseche.
Ndinatuluka asanaombe m'manja,
ndipo zaka zisanu ndi chimodzi lamya yake sindinayankhe.

Mbiri yake inkandipeza yokha.
Akuti ali ku Sydney, akulemba nkhani za apolisi za pa wailesi yakanema,
mtembo umodzi sabata iliyonse kuti lendi ilipidwe.
Akuti filimu yake aidula mchira,
eni ndalama afuna kuti bambo uja amwetulire pomaliza.
Bambo athu, kumwetulira!
Akuti wapata mphoto, chigalasi cholemera,
ndipo amatsekerezera chitseko kuti mphepo isachimenyetse.
Wina m'nyuzipepala anadandaula kuti mayiyu
amangolemba za khitchini imodzimodzi.
Iye anayankha: Nanga inu munakulira m'makhitchini angati?

Pa maliro a mayi ndinamuona milomo ikugwedera.
Sikunali kupemphera. Ankaloweza mawu a wansembe,
kulira kwa azakhali, kukhosomola kwa okumba manda.
Ndinamugwira mkono: Usayerekeze.
Anati: Feri, ndikapanda kulemba ine,
adzakumbuka ndani mmene mayi ankaitanira mchere?
Ndinasowa chonena.
Nacho chetecho anachiba;
chili m'sewero lake lachisanu, gawo lachiwiri.

Lero ali m'nyumba ya okalamba ku Geelong,
pawindo loyang'ana mtengo wa bulugamu.
Wakuba uja naye aberedwa.
Mawu akumuthawa limodzilimodzi,
supuni amaitcha kiyi, ine amanditcha adokotala.

Lachinayi lililonse ndimapita ndi mabuku ake m'jumbo.
Ndimakhala m'mphepete mwa bedi n'kumawerenga,
ine amene ndinathawa asanaombe m'manja.
Ndimatsokomola kawiri. Ndimatsimphinitsa lilime.
Dzulo wandiimitsa ndi chala:
Ayi, sankanena choncho, liwu lomaliza ankalimeza.
Ndinabwereza, ndikulimeza.
Anatseka maso nthawi yaitali
mpaka ndinayesa wagona.

Kenaka anati: Adokotala, walemba zimenezi ndani?
Ameneyo akuidziwa nyumba yathu.
Muzimusamala, angatibere zonse.