Chigamba

Kakolo wanga anathyokera pamsewu wa ku Tsangano,
lole ya kachewere itagona chammbali
ngati ng'ombe yokana goli.
Fupa ndinaliona ndi maso angawa,
loyera mbee, litaboola sokosi.

Pachipatala cha Ntcheu anatsuka, anakhoma zitsulo.
Miyezi isanu ndi inayi bala likulirabe.
Nangozo ankachapa nsanza usiku
kuti anansi asazione pachingwe,
koma ntchentche sizisunga chinsinsi.
Msomali wina unayamba kuyenda wokha pansi pa khungu.
Phazi linapotoka:
ine ndikuyenda m'Malawi,
ilo likuloza ku Mozambiki, kutsidya kwa tala.

Adokotala anakweza ekisire pawindo.
"Bambo Chigwenembe, njira zilipo ziwiri.
Tidule apa,"
cholembera chinagona mmunsi mwa bondo,
"kapena tizule zitsulo zakale, tipale fupa lowola,
timange phazi ndi mwendo zikhale mtengo umodzi.
Phazi mukhala nalo.
Koma kugwedera liiwala."

Ndinaseka mpaka namwino anacheuka.
Zaka makumi awiri pakhonde la golosale pa Lizulu
ndadyera kugwedera komweko,
chala, chidendene, chala, chidendene,
mayunifolomu a Januwale,
madiresi a akwati onenepa sabata yomaliza,
nsalu zoyera zimene mwini wake sayesa.

Ndine telala, ndikudziwa:
thalauza likatha m'miyendo timalidula kabudula.
Ndauzapo anthu ambiri zimenezo, osaphethira.
Tsiku limenelo lilime linauma.
Ndinangoti, "Ikani chigamba."

Nditatsitsimuka, mwendo unali m'khola la zitsulo,
masipoko olasa mnofu ngati gudumu la njinga.
Atamasula bandeji ndinawerenga msoko wawo:
mfundo khumi ndi zisanu ndi zitatu,
ulusi wakuda, mizere yokhota.
Akanakhala mnyamata wanga wophunzira
ndikanamuuza aphwasule.
Koma wagwira.

Juni uno nkhungu yatsika molawirira.
Fupa limandiuza za chisanu wailesi isananene.
Wosoka nsapato wandidulira tayala,
wasema chopondera chokhota ngati mwezi
kuti nsapato izigwedera m'malo mwanga.

Makina ndawapatsa phazi lamanzere.
Ndi mwana wa sitandade wani,
amathamanga pokhota, amadula ulusi,
dzulo wadya kolala ya mphunzitsi.
Lamanja lakhala pambali, pa njerwa,
chete, ngati mkulu wopuma ntchito
amene sakufuna kupita kwawo.

Madzulo ndimalivula, ndimalisisita,
ndimawerenga zala.
Zisanu.
Ndimawerenganso.