Ubweya M'dongo

Ku Naryn chisanu sichigogoda.
Chimalowa pansi pa msewu usiku,
n'kupeza madzi atagona m'dongo,
n'kuwaumitsa gwa!
Madzi akaundana amatupa, amakankha,
m'mawa phula lachita linunda.
Pofika Epulo zonse zimasungunuka,
lole ya Sagynbek n'kutitimira mpaka m'mimba.

Ine ntchito yanga ndi yaing'ono.
Ndimakanda dongo m'beseni la buluu,
ndimaumba zidina zonga kapu ya tiyi:
china chopanda kanthu,
china cha mapesi a balere oduladula,
china cha ubweya wa nkhosa za amalume,
uja wokhakhala amalonda anaukana,
unkangowola kuseri kwa khola.

Ndimazigoneka m'firiji, ndimazitulutsa.
Ziundane, zisungunuke, ziundanenso:
zisanu khumi ndi ziwiri m'masabata atatu.
Ndachita nkhanza kuposa Januwale.

Lachinayi ndinaziika pansi pa chitsulo chopanikiza.
Chopanda kanthu chija sichinalimbe n'komwe,
phwa! chinanyenyeka ngati buledi wa dzana.
Cha ubweya chinang'aluka, inde,
koma mng'alu utayasama
ndinaona timaulusi titagwira uku ndi uko,
tikukana kutaya,
ngati zala za ana awiri powoloka mtsinje.
Singano ya sikelo inkakwerabe.
Ndinaiwala kulemba nambala.

Bambo anga a Toktosun anaseka pafoni:
"Zaka zisanu kusukulu, Gulbarchyn,
kuti udziwe zimene hatchi yanga ikudziwa?
Si yomwe inkaponda matope ndi mapesi
pomanga nyumba unabadwiramo ija?"

Sindinatsutse.
Koma hatchi siwerenga.
Sidziwa kuti ubweya ukachuluka
dongo limasanduka chisa, losagwirana,
ukachepa chisanu chimangodutsa ngati palibe mlonda.
Pakati pamenepo pali kamuyezo
konga mchere wa mu msuzi wa nkhosa,
ndiko ndikusaka.
Ndipo funso lina limandidzutsa tulo:
pansi pa phula, mu mdima ndi chinyontho,
ubweyawu udzapirira zaka zingati usanawole?
Limeneli bambo sanayankhe.
Anafunsa ngati ndadya.

Usiku uno kunja kwayera mbee,
mapiri aima chilili, akupuma mpweya wozizira.
Amalume atumiza matumba ena atatu pa basi,
chipinda chonse chikununkha khola.
Ndasamba m'manja kawiri.
M'zikhadabo mwatsalabe dongo,
ndi kaubweya kamodzi kakuda
kokana kuchoka.