Mwala Wotchona

Ku Msasa, kuseri kwa shedi ya owotcherera zitseko,
Tonderai amaweta nyanja m'bafa lakuda.
Harare ilibe gombe.
Mchere amagula wa m'chidebe, madzi ndi a pamjigo, osefa kawiri,
ndipo magetsi akazima amathamanga ngati kwapsa nyumba
kukadzutsa jenereta.

"Sankhani nokha, a Lipenga."
Ndapinda malaya mpaka m'zigongono.

Woyamba ndi woyera mbee, wosalala, wa pachithunzi.
Ndaukweza. Ukulemera ngati ngongole.
Mwala wolemera ulibe zipinda m'kati,
komanso pano amagulitsa pa kilo.
Ndaubweza.

Wachiwiri ndaufikitsa kumphuno:
dzira lovunda.
China chake chinafera m'njira
pakati pa doko ndi Mutare
ndipo mwala sunamalize kulira maliro.
Ukauika m'thanki lero, nsomba mawa zayang'ana kumwamba ndi mimba.

Wachitatu unali pansi pa onse,
wopindika, wosaoneka bwino, mabowo okhaokha ngati chulu chogumuka.
M'dzanja ndi wopepuka moti ndinadabwa.
Pamsana pake pali ndere youma gwa,
mtundu wa jakaranda wogwera m'msewu mwezi wa Okutobala.
Fungo lake ndi la nyanja,
akutero Tonderai. Ine nyanja ya mchere sindinaionepo.
Ndangomukhulupirira.

"Koma chenjerani," akuloza ndi pensulo,
"mwala wotere subwera wokha.
Mwina muli nkhanu yodya anzake usiku.
Mwina nyongolotsi ya minga.
Mumagula nyumba ndi alendo ake omwe."

Agogo anga aamuna anafika kuno wapansi kuchokera ku Dedza.
Kuofesi ya njanji anawafinya mikono,
anawayang'ana mano, anawaika pasikelo.
Ankafuna thupi lolemera, lopanda zipinda.
Palibe anafunsa zimene zinabisala m'mabowo:
nthanga za maungu zosokera mu mpendero wa jekete,
dzina la mfunda,
chinenero chimene ndikulembera pano
ngakhale ndimalota m'Chishona.
Kwawo anawatcha mtchona. Kuno anawatcha mlendo
mpaka tsiku lowaika ku Warren Hills.

Makilogalamu awiri ndi theka.
Tonderai waukulunga m'nyuzipepala yonyowa.
Mu kombi ya ku Mufakose ndaufungatira pamiyendo,
madzi akudontha pa thalauzi,
mayi wa pambali akundiyang'ana cham'mbali:
bambo wamkulu ndi ndevu zake, kulera mwala.

Masabata atatu palibe chinachitika.
Mwala unangokhala, monga mwala.
Mkazi wanga anawerengera mokweza
mafuta ophikira amene ndalamayo ikanagula.

Usiku wa Lachinayi magetsi anazima.
Kapampu ka batire kakung'ung'udza,
ine ndi Tisunge tagwada ndi tochi ya pafoni.
Pabowo lina, laling'ono ngati diso la singano,
kanthu katulutsa nthenga zake pang'onopang'ono,
kambulera kosakwana chikhadabo,
kakupeta madzi a pamjigo wa Harare
ngati kanabadwira momwemo.

Mwana wandifunsa m'Chishona kuti kachokera kuti.
Ndamuyankha m'Chichewa: kanali momwemo nthawi yonseyi.
Wabwereza mawuwo, walakwitsa kamvekedwe,
kenaka wagogoda galasi ndi chala
ndipo kanthu kaja kabwerera m'kati, psiti.

Tadikira.
Batire ya foni yatsala pang'ono.
Tikudikirabe.