Mawu a Pamimba

Pabedi lachisanu, ku Luton, pali Mayi Amparo.
Chingelezi chinawathawa tsiku la sitiroko,
chatsala n'Chisipanishi cha ubwana wawo,
ndipo ululu sudikira womasulira.

Ndiye m'basi ya m'mamawa, mawindo atachita nkhungu,
ndimaloweza za pakapepala:
barriga, estómago, tripa,
ombligo ndiye mchombo,
lilime likudumphadumpha ngati njinga pamizu.

Kwathu liwu ndi limodzi, mimba:
imalira njala, imatsegula, imabereka.

Lachitatu ndinaloza pamimba pawo. ¿Barriga?
Anapukusa mutu,
n'kuika dzanja lozizira pa yunifolomu yanga,
m'munsi mwa mchombo.
Vientre, anatero.

Liwulo pakapepala panalibe.
Ndinali ndisanauze aliyense,
ngakhale Gomezgani.