Kugogoda Kawiri

Ku Cascina mpendadzuwa waweramitsa mitu.
Mikono iwiri ya makina, uliwonse makilomita atatu,
yagona m'minda ngati munthu wotchera khutu pansi.

Ornella Bartalesi sanapite kunyumba.
Khofi wazizira m'kapu.
Pakompyuta pali timizere tiwiri tonjenjemera:
kena kanafika mu Meyi, usiku wa mvula,
kena mu Seputembala, alimi akuthyola mphesa.

Kalekale, kutali kosapimika,
maenje awiri akuda anazungulirana, n'kumezana.
Thambo linagwedezeka.
Funde lake linanyamuka ulendo,
panjira n'kupeza mlalang'amba wonenepa utakhala pakati,
wolemera mpaka kupinda msewu.
Fundelo linagawikana:
lina linadzera chidule,
lina linalambalala, n'kuchedwa miyezi inayi.
Mlendo mmodzi, kugogoda kawiri.
Imeneyi ndiyo nkhani imene Ornella akufuna itakhala yoona.

Koma pamsika wodzaza anthu
sipalephera awiri ofanana mphuno,
ndipo kufanana nkhope si kuyamwa bere limodzi.

Ndiye amadzitchera yekha msampha.
Amaumba mafunde abodza zikwi makumi asanu,
osadziwana, opanda chibale,
n'kuwaponya awiriawiri pasikelo:
kulemera kwa maenje, kupota kwake,
kachigawo ka thambo kumene mawu achokera.
Amafunsa masamu:
mwa alendo onsewa, ndi angati
angandipusitse kuti ndi mapasa?

Makina akung'ung'udza.
Kunja thirakitala ya Duilio yadutsa,
magalasi a m'mapaipi aimva, aidandaula.

Foni yalira. Ndi mayi ake ku Pontedera.
Wadya, mwanawe?
Ndadya, amayi.
Pakupita mphindi khumi yaliranso:
Wadya, mwanawe?
Mawu omwewo, ofooka pang'ono,
odzera njira yaitali ya m'mutu wokalamba.
Apa Ornella safuna masamu.
Ndadya, amayi. Gonani.

Cha m'ma folo koloko yankho latuluka:
kamodzi pa makumi anayi alionse
mwayi wokha ungabale kufanana kotere.
Kamodzi pa makumi anayi.
N'kochepa kuti ukuwe,
n'kochuluka kuti uiwale.

Akulemba m'kope ndi pensulo yofupika:
sitinganene.
Akudula mzere kunsi kwake.
Kenako, m'mphepete, timalemba ting'onoting'ono:
kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wazimitsa nyali, makina wawasiya maso.
Mwina funde lachitatu likadali panjira,
likukhota ngodya ya mlalang'amba,
losadziwa kuti kuno
wina walisungira mpando.