Ploti ya pa Geti

Lachisanu, anzanga atathithikana kale
m'maminibasi a ku Kawale ndi ku Chinsapo,
ine ndimatsala m'kachipinda kozizira kuposa Juni,
momwe makina amang'ung'udza osapuma
ndipo timagetsi tobiriwira timaphethira, phethi, phethi.

Pa sikirini pali mzinda wanga.
Ndinaudula ndekha maeriya, ngati Lilongwe yemweyu,
manambala odumphadumpha osokoneza mlendo.
A malipiro ndinawamangira mpanda wautali.
A kaundula ali kwawo, sayenderana ndi a zogula.
Pulinta ya pamwamba paja, yokonda kukwiya,
ndinaipatsa nambala yosasintha kuti ndizidziwa koipeza.
Kompyuta ikadwala imafiira pa mapu,
ine nkuipatsa mankhwala ndili pampando,
tiyi osazizira.

Koma sabata ino mwabwera mlendo.
Alibe dzina m'kaundula.
Amalowa nthawi ikangopitirira eyiti,
amatuluka atambala a ku Mtandire asanalire,
ndipo akhala pa nambala ya a Kachepa a malipiro
ngati munthu womanga pa ploti ya mwini.

Ndamutsata mapazi.
Sapita ku mpira, sapita kwa obetcha.
Mapepala a mayeso a fomu folo a zaka zapitazo,
masamu, masamu, sayansi pang'ono,
masamunso.

Ndinatsika masitepe ndi tochi.
Pa geti, a Mwatsika m'chijasi chawo cha ulonda,
imvi zikusuzumira pansi pa chipewa,
foni yosweka galasi pa bondo,
pensulo kukhutu, kope lonyowa ndi mame.
"Mawu achinsinsiwo anandipatsa ndi Ndaziona wokolopa uja.
Musamuchotsetse ntchito, bwana.
Ndalephera kawiri. Chaka chino ndi chomaliza."

Lamulo lili pakhoma langa, ndinalilemba ndine.
Kudina kamodzi basi, mlendo kunja.

Ndinakhala nthawi yaitali chala chili m'malere.
Magetsi anathima, jenereta nkutsokomola, nkudzuka.
Ndiye ndinadula kaploti kakang'ono kumapeto kwa mzinda,
kutali ndi ndalama za anthu,
ka nyumba ziwiri zokha:
imodzi ya chipata, ina yawo.
A Kachepa ndawabwezera malo awo.

Lolemba a Nankhoma adzafuna lipoti.
Ndidzalemba kuti tawonjezera chipangizo chimodzi pa geti,
ndipo sindidzakhala nditanama.
Akafunsa ntchito yake, ndidzaona pomwepo.

Panopa kadontho kobiriwira kayaka pakona ya mapu.
Ali pa funso lachisanu ndi chiwiri.